"Em análise" kwa miyezi iwiri: ndidikirebe kapena nditumizenso?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Angónia, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"Bambo, ndikulemba kuchokera ku Ulóngue. Ndinamaliza 12ª classe, kenako ndinachita kosi ya ntchito ya mu armazém (mosungira katundu). Ndafunsira ntchito malo atatu. Oyamba ndi kampani ina yogwira ntchito ku migodi ya ku Moatize. Ndinatumiza pa intaneti, ndipo patha miyezi iwiri pakungolembedwa kuti 'Em análise' (ikuunikidwa). Achiwiri ndi bungwe lina lothandiza alimi. Poyamba panali 'In progress', kenako tsiku lina ndinangopeza 'Process completed', foni osandiimbira. Achitatu ndi concurso (mpikisano wolowera ntchito) ya boma konkuno. Dzina langa linatuluka pa aprovados (okhoza) chaka chatha koma mpaka lero kuli zii. Sabata yatha ndaona kuti vaga (malo a ntchito) ya ku Moatize ija yatulukanso. Nditumizenso? Mnzanga akuti ndiyambe ndachotsa candidatura (pempho la ntchito) yakaleyo. Palinso munthu wina amene akuti ndikamupatsa ya refresco akankha dzina langa. Ndathedwa nzeru."

Achimwene, pepani ndi kudikira konseku, komatu mtima ukhale m'malo. Pa zitatu mwatchulazi palibe chimene chikusonyeza kuti munalakwitsa kanthu, ndipo chimodzi, cha bomacho, chili bwino kuposa momwe mukuchionera. Ine ndagwira ntchito zaka zambiri mu recursos humanos (RH), ofesi yolemba anthu ntchito, mbali inayo ya kompyuta, kumene mawu mukuwerengawo amachokera. Ndikuuzeni mosabisa kuti mawu amenewo sanena zambiri za inu. Amangonena malo amene pepala lanu laikidwa, ndipo woliika pamenepo ndi munthu wotanganidwa amene nthawi zambiri amaiwala kulisuntha.

Makampani akuluakulu ndi mabungwe ochokera kunja sawerenga makalata ofunsira ntchito limodzilimodzi mu imelo ngati kale. Amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga Workday, SAP SuccessFactors kapena Oracle Taleo. Vaga iliyonse ikatsegulidwa imapatsidwa nambala yake, ndipo aliyense wofunsira amagwera pansi pa nambala imeneyo. Pulogalamuyo ili ndi nkhope ziwiri. Ife olemba ntchito timaona masitepe ambiri: wangofika kumene, waonedwa, watumizidwa kwa bwana wa gawolo, ayesedwe mayeso, aitanidwe ku entrevista (kukafunsidwa mafunso), akapimidwe ku chipatala, apatsidwe kontrakiti. Inu ofunsira mumaonetsedwa mawu atatu kapena anayi okha, ndipo kampani iliyonse imasankha yokha mawuwo ndi masitepe amene agwere pansi pa mawu aliwonse. Nchifukwa chake "Em análise" wa kampani ina amatanthauza kuti munthu watsegula CV yanu, pamene kwina amalembedwa pomwe mwangodina batani lotumizira ndipo amakhala pomwepo mpaka tsiku lotseka vaga. "Under review", "In progress", "Under consideration" ndi a banja limodzi lomweli. Musamadziwawitse mutu kufunafuna kuti wamkulu ndani pakati pawo.

Inu a ku Angónia mukudziwa za belo la fodya pa msika. Likalandiridwa ndi kulembedwa m'buku ndiye kuti lafika, koma silinapatsidwe kalasi, ndipo mlimi sanganene kuti wagulitsa. Candidatura yanu ya ku Moatize ili pamenepo. Yalowa, sinabwezedwe, koma sitikudziwa ngati woika kalasi wafikapo.

Nanga chimachedwetsa nchiyani? Apa ndiimapo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti chete wa kampani ndi chiweruzo. Wolemba ntchito sasankha yekha. Amasonkhanitsa ma CV amene akuoneka oyenera nkuwatumiza kwa bwana wa gawo limene likufuna munthuyo, tinene kuti mkulu wa armazém. Bwanayo ali ku mgodi, akuyenda ma turno, ali ndi katundu woti alandire, ndipo ma CV amakhala mu kompyuta yake milungu ingapo. Akasankha, pamafunikanso siginecha ya a zachuma yotsimikizira kuti ndalama ya malipiro ilipo. Chinanso, chimene anthu sachidziwa: ngakhale munthu atasankhidwa kale, ambiri aife sititseka vaga mpaka iye atapimidwa, kusaina kontrakiti ndi kuyamba ntchito. Timaopa kuti akalephera ku chipatala kapena akakana malipiro tidzasowa pobwerera. Choncho onse otsala amasiyidwa pa "Em análise" ngati nkhokwe, osauzidwa kanthu. Sindikuti ndi chilungamo, koma ndi mmene zimachitikira.

Ku Moatize kuli chifukwa china chapadera. Mgodi waukulu wa malasha uja unali wa kampani ya Vale mpaka 2022 pamene unagulitsidwa kwa Vulcan, ndipo kulinso kampani ya ICVL ku mgodi wa Benga. Koma ntchito zambiri zimene anyamata amafunsira sizichokera kwa eni migodiwo mwachindunji. Zimachokera kwa ma empreiteiro, makampani okonza makina, onyamula katundu, ophika, olondera, osunga zipangizo. Kampani yotere imakhala ndi anthu molingana ndi kontrakiti imene yapata ku mgodi. Ena amalengeza vaga akadali kupikisana kuti apate kontrakitiyo, kuti akapambana asayambe kusaka anthu mochedwa. Kontrakiti ikachedwa kusainidwa, vaga imaima. Ikapita kwa kampani ina, vaga imafa, ndipo si onse amene amakumbukira kubwerera mu pulogalamu kukauza ofunsira. Mtengo wa malasha ukatsika kunja, kulemba anthu kumaimitsidwa mwakachetechete. Zonsezi inu pa foni panu mumaziona ngati mawu awiri omwe aja osasintha.

Pali mphekesera yakuti kompyuta ndiyo imakana anthu popanda munthu kuona CV. Zoona zake ndi zochepa kuposa mmene amanenera. Chimene chimakana chokha nthawi zambiri ndi timafunso tija ta "inde" kapena "ayi" timene mumayankha potumiza: muli ndi carta de condução? Mwagwirapo ntchito imeneyi zaka ziwiri? Mungakhale ku Moatize? Yankho limodzi likasemphana ndi chimene kampani inaika, candidatura imagwa yokha. Mukalandira "Not selected" kapena "Não seleccionado" patangopita mphindi zochepa, kapena pakati pa usiku tsiku lomwelo, kawirikawiri ndi timafunso timeneti. Yanuyi yakhala miyezi iwiri osagwa, ndiye kuti pachipata pamenepo munadutsa. Chimene kompyuta imalephera ndi kuwerenga CV yojambulidwa ndi foni. Ambiri amajambula pepala, kulitumiza pa WhatsApp kwa mnzawo, kenako kuliika mu pulogalamu ngati chithunzi. Wolemba ntchito akasaka mawu oti "armazém" kapena "inventário" pakati pa anthu mazana, inu simutuluka, chifukwa pulogalamuyo ikuona chithunzi, osati zilembo. Lembani CV pa kompyuta, muisunge ngati PDF, ndipo mugwiritse ntchito mawu omwewo amene ali pa chilengezo ngati ntchitozo munazigwiradi.

Ndisanachoke pamenepa, nambala ya foni. Kumalire kuno, cha ku Calómuè, ku Domué, ku Tsangano, anthu ambiri amayenda ndi ma SIM awiri kapena atatu, ina ya ku Malawi. Ndaonapo anthu abwino akutaya mwayi chifukwa nambala imene analemba pa CV inali ya SIM yosiyidwa m'thumba la jekete. Wolemba ntchito amaimba kawiri, mwina katatu, kenako amapita kwa wotsatira, ndipo mu pulogalamu sasintha kanthu. Ikani nambala ya +258 imene imakhala mu foni tsiku lililonse, kaya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, muwonjezere ina ya m'bale wodalirika. Nambala yachilendo ikaimba muziyankha mwaulemu. Mu imelo muziyang'ananso mu spam, chifukwa makalata otuluka mu mapulogalamuwa amakonda kugwera kumeneko, ndipo kalata yoitanira ku mayeso imakhala ndi masiku ochepa oti muyankhe.

Za bungwe lija sinditalikitsa. "Process completed" ikutanthauza kuti vaga yatsekedwa. Ngati simunaitanidwe ku entrevista, iwerengeni ngati "ayi" ndipo muichotse mumtima. "Position filled", "No longer under consideration", "Encerrada" ndi "Inactive" nazonso zikunena kuti pa nambala imeneyo palibenso chodikira. Mabungwe ambiri amalemberatu pansi pa chilengezo kuti adzalumikizana ndi okhawo amene asankhidwa, ndiye kusaimbiridwa foni si chipongwe cholunjika kwa inu. Ndipo kutsekedwa sikutanthauza nthawi zonse kuti wina wapata. Ntchito za mabungwe zimadalira ndalama za opereka thandizo, ndipo munaona nokha mmene zinthu zinaimira kumayambiriro kwa 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja. Vaga ina imatsekedwa popanda aliyense kulembedwa. Ofunsira kudzera pa LinkedIn nawo asamakondwe msanga akaona kuti candidatura yawo yaonedwa kapena kuti CV yatsitsidwa. Zikungotanthauza kuti wina watsegula, basi.

Tsopano funso lanu lenileni, la kutumizanso ku Moatize. Musanachite chilichonse, tsegulani chilengezo chatsopanocho muyang'ane nambala ya vaga. Imalembedwa ngati "Ref.", "Referência", "Job ID" kapena "Requisition", nthawi zina pamwamba, nthawi zina pansi penipeni. Muifananize ndi nambala imene ili pa candidatura yanu yakale kapena mu imelo imene munalandira tsiku lotumiza. Yankho lonse lagona pamenepo.

Ngati nambala ndi yomweyo, ndiye kuti vaga ndi yomwe ija, angoiwonjezera masiku kapena kuikweza kuti ioneke yatsopano. Dzina lanu lili kale m'katimo, ndipo mapulogalamu ambiri sangakuloleni n'komwe kutumizanso. Adzakuuzani kuti munafunsira kale. Apa mnzanu uja, ngakhale akufunirani zabwino, akukusocheretsani. Batani la "Withdraw" kapena "Retirar candidatura" limauza kampani kuti simukuifunanso ntchitoyo. M'mapulogalamu ambiri mukalidina simungathenso kubwerera pa nambala yomweyo, ndipo kumene amalola, wolemba ntchito amaona kuti munatuluka nkulowanso, mwagwera kumapeto kwa mzere. Musayesenso kutsegula akaunti yachiwiri ndi imelo ina. Dzina, foni ndi CV zimakugwiritsani, ndipo munthu wooneka kawiri pa vaga imodzi amatengedwa ngati wosokoneza kapena wofuna kuzemba. Chimene mungachite ndi kulowa mu akaunti yanu nkukonza nambala ya foni, kapena kuika CV yatsopano ngati pulogalamuyo ikulola.

Komabe kutulukanso kwa vaga yomweyo kuli ndi uthenga wake, ndipo sindikubisirani. Kawirikawiri kumatanthauza kuti mwa amene anawaona sanakhutire nawo, kapena amene anamusankha wakana, kapena akufuna anthu ambiri kuposa poyamba. Chachitatuchi ndi chabwino kwa inu. Choyambacho chikufuna kuti mudzifunse chimene CV yanu ikulephera kuonetsa.

Ngati nambala ndi yatsopano, tumizani, ndipo musachedwe. Candidatura yakale siisamuka yokha kupita ku nambala yatsopano. Wolemba ntchito akhoza kuisamutsa ngati akukumbukirani, koma musadalire zimenezo. Yakaleyo isiyeni mmene ilili, musaichotse. Koma musanatumize, ikani zilengezo ziwirizo pambali ndi pambali. Nthawi zambiri chachiwiri chimakhala ndi kamzere kowonjezera: tsopano akufuna wodziwa pulogalamu ya pa kompyuta ya SAP, kapena wokhala ndi satifiketi yoyendetsa empilhadeira (makina onyamulira katundu mu armazém), kapena wolankhula Chingerezi. Kamzere kameneko ndi kamene kakukuuzani chimene chinasowa ulendo woyamba. Ngati muli nacho, chiikeni pamwamba pa CV. Ngati mulibe, musanamize pa timafunso tija, chifukwa tsiku loonetsa mapepala lidzafika, ndipo kugwidwa bodza ndi kumene kumatsekeradi munthu khomo pa kampani.

Anthu amandifunsa kawirikawiri kuti akakanidwa adikire nthawi yaitali bwanji. Palibe lamulo limodzi. Makampani ena amaika nthawi yawo, makamaka kwa amene walephera mayeso, ndipo akatero amalemba mu kalata yokanira. Kumene sanalembe kanthu, ine ndimaona chonchi. Ngati munagwa chifukwa cha cholakwika chokonzeka, monga pepala losowa, CV yosawerengeka, kapena funso limene munaliyankha molakwika, tumizaninso pa vaga yotsatira ngakhale itatuluka mawa. Ngati munafika pa entrevista nkupambanidwa ndi wina, musachite manyazi kubwerera. Inu ndi munthu amene akumudziwa kale, ndipo m'zaka zanga ndalembapo ntchito anthu ambiri amene ulendo woyamba anali achiwiri. Koma ngati anakusiyani chifukwa chosowa luso kapena zaka zogwira ntchito, kutumiza CV yomweyo mwezi ndi mwezi sikusintha kanthu. Pamenepo lolani kuti papite miyezi ngati 6, ndipo m'miyezi imeneyo pakhale chatsopano cholemba: kosi, estágio (kuphunzira ntchito pa kampani), ngakhale ntchito ya nyengo. Miyezi ingapo yolandira ndi kulemba katundu pa nthawi yogula fodya kapena mbatatesi ndi ntchito ya mu armazém yeniyeni, bola mutengeko kalata yokuchitirani umboni. Achinyamata ambiri saiwerengera, amati ndi ganyu chabe, koma kwa wosankha anthu imalemera kuposa kosi yopanda ntchito.

Chinthu china chimene ofunsira sadziwa ndi chakuti ife timaona mbiri yanu yonse pa kampaniyo. Ndikatsegula dzina lanu ndimaona vaga zonse zimene munafunsirapo. Munthu amene sabata imodzi wafunsira udalaivala, ukalaliki, umakaniko ndi uinjiniya amaoneka kuti sakudziwa chimene angathe. Ndikumvetsa kuti njala siisankha, koma pa kampani imodzi khalani pa ntchito ziwiri kapena zitatu zoyandikana ndi zimene munaphunzira.

Kufunsa kuti zafika pati nkololedwa, koma kamodzi. Pakapita milungu iwiri kapena itatu kuchokera tsiku lotseka, ngati pali imelo ya recursos humanos pa chilengezo, lembani mizere inayi m'Chipwitikizi choyera: dzina lanu, dzina la ntchito ndi nambala yake, tsiku limene munatumiza, kuti mukadali ndi chidwi, ndipo mukufuna kudziwa ngati kusankha kukupitirira. Pa nkhani yanuyi mungawonjezere funso lakuti, popeza vaga yatulukanso, candidatura yanu yakale ikuwerengedwabe kapena mutumize ina. Funso limenelo ndi lanzeru ndipo limayankhidwa kawirikawiri kuposa "zili bwanji". Musasake nambala ya foni ya mayi wa ku RH nkumawaimbira usiku, ndipo musawononge ndalama ya chapa kuchoka ku Ulóngue kukaima pa geti ku Moatize. Mlonda alibe yankho, ndipo wolemba ntchitoyo mwina ali ku Maputo. Miyezi iwiri ikadutsa chitsekere vaga popanda mawu a munthu, ine ndimati iwerengeni ngati yapita koma muisiye momwemo. Akadzaimba zidzakhala bwino, koma inu musaime kufunsira kwina.

Tibwere ku boma, kumene zinthu zimayenda ndi malamulo olembedwa ndipo mawu ali ndi tanthauzo lokhazikika. Mu concurso de ingresso mumayamba kutuluka mndandanda wa admitidos ndi excluídos. Admitido ndi amene mapepala ake akwanira ndipo aloledwa kupikisana, sanapate ntchito ayi, ngakhale ena amayamba kale kuphika phwando. Excluído amalemberedwa chifukwa pambali pa dzina, nthawi zambiri pepala losowa kapena kopi yosatsimikizidwa ku notário, ndipo pamakhala masiku ochepa ochitira reclamação (dandaulo) mndandanda womaliza usanatuluke. Masiku amenewo akadutsa palibe amene angakuthandizeni, nchifukwa chake wofunsira ku boma ayenera kumapita yekha kukaona pa vitrina, pamene amapachika mindandanda ku ofesi. Pambuyo pa mayeso kapena entrevista pamatuluka mndandanda wa mapointi, ndipo apo mpamene pali inu, pa aprovados.

Kukhala aprovado kukutanthauza kuti munakhoza, koma anthu amaitanidwa motsatira nambala yawo pa mndandanda komanso malo amene ali ndi ndalama yake mu bajeti, chimene iwo amati cabimento. Ngati malo anali 5 ndipo inu muli wa nambala 12, ndiye kuti mukudikira kuti patseguke malo ena concurso isanathe mphamvu. Nthawi imeneyo imalembedwa pa edital, chilengezo cha concurso, ndipo kawirikawiri imakhala zaka 3. Ngakhale amene waitanidwa amadikiranso kuti mapepala ake apite ku khoti la Tribunal Administrativo akalandire visto, chilolezo choti alembedwe ntchito. Ndiye chete wa chaka chimodzi si wachilendo. Chimene ndikukulangizani ndi kupita nokha ku ofesi ya recursos humanos ya kumene munafunsirako, muli ndi BI (chiphaso chanu) m'manja, mukafunse zinthu zitatu: muli pa nambala yanji, aitana mpaka nambala yanji, ndipo concurso ikutha liti. Awa ndi mafunso amene muli ndi ufulu wofunsa. Mukatsimikizenso kuti foni imene ali nayo ndi imene mukugwiritsa ntchito lero. BI isakhale yotha, NUIT (nambala yanu ya msonkho) ikhale pafupi, ndipo kumbukirani kuti registo criminal (kalata ya mbiri ya milandu) ndi kalata ya ku chipatala zimatha mphamvu msanga, choncho mudzafunika zatsopano tsiku loitanidwa. Kukhala pa mndandanda umenewu sikukuletsani kulowa concurso ina ikatuluka, kaya ku Macanga, ku Chifunde kapena mu mzinda wa Tete. Lowani ndithu. Mukadzamva kuti munthu wa nambala yapansi pa inu waitanidwa inu mutadumphidwa, imeneyo ndi nkhani ina: lembani reclamação pa pepala, musunge kopi yodindidwa, ndipo ngati sakuyankhani pitani ku IPAJ, kumene amathandiza pa zamalamulo anthu osakwanitsa kulipira loya.

Za munthu wa refresco uja, ayi. Musamupatse ngakhale metical imodzi. Ndikudziwa kuti wina awerenga izi nkuseka, kuti bambowa akukhala dziko liti, kodi sadziwa kuti wopanda padrinho (womukankha) salowa? Ndikudziwa kuti zokondera zilipo, sindinabadwe dzulo. Koma taonani mmene malonda a munthu wotereyu amayendera. Amatolera ndalama kwa anthu makumi awiri amene afunsira vaga imodzi, iye osakhudza kanthu kalikonse mu pulogalamu, chifukwa nthawi zambiri sagwira n'komwe ntchito pa kampaniyo. Mmodzi akaitanidwa mwa mphamvu zake, iye amati "mwaona ntchito yanga". Otsalawo amawauza kuti bwana wasintha, awonjezere pang'ono. Ndipo amadziwa kuti simungakadandaule poyera chifukwa nanunso mwachita cholakwa. Ngati alidi wa mkati, dziwani kuti mapulogalamuwa amasunga dzina la aliyense amene wasuntha candidatura ndi nthawi yake, ndipo zikadzaululika iye ndi inu mudzatulukira khomo limodzi. Wolemba ntchito weniweni sapempha ndalama ya fomu, ya yunifomu kapena ya kupimidwa kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo ngakhale ma agência olembera anthu ntchito saloledwa kulipiritsa wofunafuna ntchito. Musatumizenso chithunzi cha BI yanu kwa munthu wosamudziwa pa WhatsApp. Akakuumirizani, sungani mauthengawo. Ngati akudzitcha wa kampani, nkhaniyo ndi ya ku polisi ndi ku ofesi yoyendera za ntchito ya Inspecção do Trabalho. Ngati ndi wa m'boma, ndi ya ku Procuradoria (ofesi ya oimba milandu a boma) kapena ku ofesi yolimbana ndi ziphuphu ya GCCC.

Kudziwana ndi munthu wa mkati pakokha si tchimo. Ngati muli ndi m'bale kapena mnzanu wa kusukulu amene akugwira ntchito pa kampaniyo, mufunseni zimene chilengezo sichinena: kodi gawo lija likulembadi anthu, kodi kontrakiti yawo ndi mgodi ikadalipo, kodi bwana wa armazém amayang'ana chiyani. Makampani ena amalola wantchito kutchula dzina la munthu amene akumudziwa, poyera, popanda ndalama. Zimenezo gwiritsani ntchito.

Pali nthawi imene vuto silikhalanso la mawu a pa foni. Mukaona kuti mwatumiza malo ambiri oyenerana ndi maphunziro anu kwa miyezi 6 kapena kuposa popanda kuitanidwa ngakhale kamodzi, CV ndiyo iyenera kuonedwa ndi maso ena. Pezani munthu amene anasankhapo anthu ntchito, kapena mphunzitsi wa kumene munachita kosi, aiwerenge mosakunyengererani, akonzenso Chipwitikizi chake. Ngati mukuitanidwa koma mukugwera pa entrevista, vuto lili pa kayankhulidwe, ndipo zimenezo zimaphunzirika poyeserera ndi munthu. Kalembetseninso ku INEP, bungwe la boma loona za mwayi wa ntchito. Kuchokera mu 2023 olemba ntchito akuyenera kumadziwitsa boma za vaga zawo, ndipo ma estágio ena amadutsira kumeneko. Za makosi afupiafupi a ntchito zamanja funsani ku IFPELAC. Ndipo ngati kudikiraku kwayamba kukulandani tulo, mukudzuka usiku kukatsegula foni, mukupsera mtima apabanja, mwayamba kumwa kuposa kale, musazisunge nokha. Yankhulani ndi munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, ndipo zikapitirira pitani ku chipatala. Ulova umadwalitsa, ndipo si inu nokha.

Pakadali pano gulani kope laling'ono. Pa vaga iliyonse muzilemba dzina la kampani, ntchito, nambala, tsiku lotumiza, tsiku lotseka, ndi imelo imene munagwiritsa ntchito, chifukwa pa mapulogalamu ngati Workday kampani iliyonse imafuna akaunti yakeyake ndipo anthu amasokoneza ma password. Muzijambulanso chilengezo chonse musanatumize, popeza chikatsekedwa chimachoka ndipo tsiku la entrevista mudzafuna kukumbukira zimene ankafuna. Mu akaunti muzilowa kamodzi pa sabata, megas anu asathere pa mawu awiri osasintha. Za ku Moatize, yambani ndi nambala ija lero lomwe, ndipo ngati ili yatsopano CV yokonzedwa ipite tsiku lotseka lisanayandikire, chifukwa ambiri aife timayamba kusankha vaga ikadali yotsegula.